Kalata yotseguka kwa ahedi ndi akuluakulu a phunziro la Chingerezi m'sukulu za sekondale

Olemekezeka ahedi, ndi inu nonse amene mumatsogolera aphunzitsi a Chingerezi,

Chaka cha sukulu chikamayamba, ophunzira amalandira pepala la malamulo a m'kalasi ya Chingerezi, kapena amauzidwa kuti awakopere pa bolodi. Nkhani yake imafanana pafupifupi kulikonse. Fika pa nthawi. Bwera ndi kope, cholembera ndi buku. Ntchito yochedwa tidzaichotsera malikisi 10 tsiku lililonse, ikapitirira sabata ndi ziro. Wokopera ntchito ya mnzake kapena ya pa intaneti, ziro. Muno timalankhula Chingerezi chokha. Foni ayi. M'munsi mumakhala malo oti mwana ndi kholo asayine. Kawirikawiri pepalalo limakhala m'Chingerezi chokhachokha, moti makolo ena amasayina asadamve ngakhale mzere umodzi, chikhalirecho ndi omwewo amene mudzawaitane ku ofesi mwana akadzaphwanya lamulo. Vuto limeneli n'losavuta kukonza, pepalalo lilembeninso m'chilankhulo chimene makolowo amawerenga.

Ndine kholo, ndipo sindikutsutsa zoti pakhale malamulo. Pempho langa n'lakuti mulitengenso pepalalo, muwerenge mzere uliwonse, n'kudzifunsa ngati lamulolo likuchititsa mwana kuwerenga, kulemba ndi kulankhula Chingerezi chochuluka kuposa kale. Ine ndikawerenga ndimapeza kuti malamulo ambiri akuyeza kumvera kwa mwana, kenako zotsatira zake zimakalembedwa pa lipoti ngati kuti ndi Chingerezi.

Ndiyambe ndi ziro, chifukwa pamenepa masamu okha akukwanira. Taganizani za mtsikana amene walemba ntchito zinayi, ndipo pa iliyonse wapeza 70 pa 100. Yachisanu sadaipereke, kaya adadwala, kaya ndi ulesi basi, tisamuikire kumbuyo. Mwamupatsa ziro. Avereji yake yatsika kuchoka pa 70 kufika pa 56. Kuti angokwera kufika pa 65, afunika kupezanso 70 pa ntchito zina 9 zotsatizana, ndipo ndi teremu zochepa zimene zimakhala ndi ntchito zochuluka chotero. Nanga 56 ameneyu akutiuza chiyani za Chingerezi cha mtsikanayu? Sadaiwale galamala usiku umodzi. Katswiri wa maphunziro wa ku America, Douglas Reeves, adalemba za vutoli mu 2004. Iye adaona kuti m'sukulu za kwawo giredi ndi giredi inzake zimasiyana ndi malikisi 10, koma kuchoka pa giredi yotsiriza yokhoza kukafika pa ziro pali phompho la malikisi 60. Ntchito imodzi yosaperekedwa imalangidwa koposa ntchito zingapo zolembedwa moipa.

Lamulo lochotsa malikisi 10 pa tsiku nalonso lili ndi msampha wake. Pofika tsiku lachisanu theka la malikisi lapita. Mwana amadziwa kuwerengera, amaona kuti kulemba kulibenso phindu, ndipo chimangirizo chija sichilembedwa konse. Amene amafunika kwambiri kulemba ndi amene mwamumasula kuti asalembe.

Ndikudziwa yankho la aphunzitsi, ndipo si lopepuka ayi. Amati mwana aphunzire kusunga nthawi chifukwa kuntchito sadzamunyengerera, komanso kuti mphunzitsi sangamalandire makope limodzilimodzi teremu yonse ngati alibe china chochita. Zonsezi n'zoona. Koma wantchito amene wachedwa ndi lipoti amadzudzulidwa, lipotilo n'kulilembabe. Chitani chimodzimodzi. Amene sadalembe atsale anzake akamaweruka, akhale pansi alembe. Ikani tsiku lomaliza lenileni, lodziwika kuyambira pachiyambi, limene likadutsa mphunzitsi salandiranso kanthu. Ndipo pa lipoti la kumapeto kwa teremu pakhale malo awiri: ena a mmene mwana akuwerengera ndi kulembera Chingerezi, ena a khalidwe lake pa ntchito, monga kuchedwa, kujomba ndi kuiwala kope. Ine kholo ndikufuna kudziwa zonse ziwiri, koma mukaziphatikiza mu nambala imodzi mwandibisira zonse. Wopeza 56 akhoza kukhala mwana wakhama amene Chingerezi chikumuvuta, kapena waluso amene watayirira, ndipo ana awiriwa sitiwathandiza mofanana.

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi zimene pepalalo silinena. Limauza mwana tsiku lopereka ntchito, koma silitchula tsiku limene ntchitoyo idzabwerere itachongedwa. Chimangirizo chikabwerera patatha milungu isanu, mwini wake amakhala ataiwala ngakhale mutu umene adalembapo. Amangoyang'ana nambala ili pamwamba, n'kusuzumira ya mnzake, n'kupinda pepala.

Khalidwe loyang'ana nambala yokha si la ana a masiku ano okha. Mu 1988 Ruth Butler, wa ku Hebrew University of Jerusalem, adasindikiza kafukufuku amene adachita ndi ana 132 a m'kalasi 5 ndi 6. Ena ankalandira malikisi okha pa ntchito yawo, ena ndemanga zokha, ena zonse ziwiri. Amene adapita patsogolo ndi olandira ndemanga zokha. Olandira malikisi ndi ndemanga limodzi sadasiyane kwenikweni ndi olandira malikisi okha, kutanthauza kuti nambala idaphimba mawu a mphunzitsi. Anali ana a pulayimale, inde, koma patapita zaka 10, Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King's College London adasanthula akafukufuku pafupifupi 250 n'kupeza zoyandikana nazo: ndemanga imathandiza ikamuuza wophunzira chenicheni choti akonze, ndipo amene amapindula nayo kwambiri ndi ophunzira otsalira m'mbuyo.

Tsono lamulo limene ndikufuna kuliona ndi lakuti chimangirizo chachikulu chilichonse chizilembedwa kawiri. Koyamba chibwerere ndi ndemanga zokha, popanda nambala, pasanathe masiku amene inu muwatchule m'pepalalo. Mwana akonze, aperekenso, malikisi abwere pa chachiwiricho. Palibe mtolankhani kapena mlembi wa mu ofesi amene amatumiza zimene walemba koyamba osaziwerenganso, koma mwana wa zaka 15 timamuweruza pa zimenezo n'kudumphira mutu wina.

Musaganize kuti sindikudziwa katundu amene aphunzitsi asenza. Kalasi ya ana 60, mphunzitsi akamatha mphindi 10 pa pepala lililonse, ndi maola 10. Ngati ali ndi makalasi anayi ndi maola 40, sabata yathunthu ya ntchito, asanagwire choko n'komwe. N'chifukwa chake kalatayi ndalembera inu osati iwo, pakuti ndinu amene mumagawa makalasi ndi kukonza ndondomeko ya nthawi. Simungamupatse mphunzitsi wa Chingerezi mapiriyodi ochuluka ngati wa phunziro lopanda zolemba zazitali, kenako n'kumamufunsa chifukwa chake makope achedwa. Aloleninso kupereka ntchito zazifupi, ndime imodzi yolembedwa bwino m'malo mwa masamba atatu, ndi kuchonga zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zimene aphunzitsa sabata imeneyo. Pepala lofiira ndi inki kuyambira pamwamba mpaka pansi limasangalatsa woyendera sukulu, chifukwa amaona kuti ntchito ikugwirika, koma mwana sangakonze zolakwa 40 nthawi imodzi. Amangomva kuti ndi mbuli.

Za galamala ndinene mwachidule. Lipoti la Richard Braddock ndi anzake la mu 1963, komanso kusanthula kwa Steve Graham ndi Dolores Perin mu 2007, zidapeza kuti kuphunzitsa malamulo a galamala paokha, osawalumikiza ndi zimene mwana akulemba, sikukweza kalembedwe. Ambiri mwa ana amene adafufuzidwawo Chingerezi chinali chilankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo mwana amene akuchiphunzira ngati chilankhulo chachiwiri amafunikadi kuuzidwa malamulowo momveka. Koma auzidwe ziganizo zake zomwe zili patsogolo pake. Ngati theka la malikisi a teremu likuchokera ku mayeso odzaza mipata, musadabwe kupeza mwana wodziwa mayina a magulu onse a mawu amene sangathe kulemba kalata yopempha ntchito.

Ndifike pa lamulo la Chingerezi chokha. Cholinga chake ndikuchimvetsa ndipo ndikugwirizana nacho: kumene Chingerezi si chilankhulo cha kunyumba, kalasi imeneyi ikhoza kukhala malo okhawo amene mwana amachimva ndi kuchilankhula. Vuto ndi chilango chimene chimabwera nalo. Njira imeneyi ili ndi mbiri, ndipo si yabwino. M'zaka za m'ma 1800, m'sukulu zina za ku Wales, mwana akamveka akulankhula chilankhulo cha kwawo ankamukoloweka kathabwa m'khosi kotchedwa Welsh Not. Kuti akachotse ankayenera kugwira mnzake akulankhula chomwecho n'kumupatsira, ndipo amene tsiku lamuthera atakavala ndiye ankalangidwa. Ku France ankachita zofanana ndi ana olankhula Breton, ku Okinawa nakonso kudali kathabwa kake. Ana ankaphunzira kuzondana ndi kukhala chete. Mpaka lero, kalasi imene kulankhula chilankhulo cha kwanu kuli mlandu, ndipo kulakwitsa Chingerezi kukuseketsa anzako, mwana wochenjera amasankha kutseka pakamwa. Safunsa ngakhale pamene sadamve.

Jim Cummins wa ku University of Toronto adaonetsa kuti mwana akhoza kumacheza bwinobwino m'chilankhulo chachiwiri pakatha zaka pafupifupi ziwiri, koma chilankhulo cha m'mabuku, chimene amafotokozera mfundo ndi kutsutsa maganizo, chimamutengera zaka 5 mpaka 7, ngakhale akukhala pakati pa eni chilankhulocho. Ndiye mwana amene akulephera kufotokoza m'Chingerezi chifukwa chake munthu wa m'sewero adachita zimene adachita sikuti alibe maganizo. Mpatseni mphindi ziwiri akambirane ndi mnzake m'chilankhulo chimene amaganizira, kenako aimirire anene m'Chingerezi. Mwa njira imeneyi Chingerezi chimalankhulidwa chambiri, ndipo chimalankhulidwa ndi ana ambiri. Lamulolo linene kuti mayankho ndi zolemba zonse zikhale m'Chingerezi, koma lichotse chilango pa kunong'onezana kofuna kumvetsa.

Pafupi ndi limeneli pali malikisi a kutenga nawo mbali m'kalasi, amene nthawi zambiri amapita kwa ana asanu omwewo okweza dzanja msanga. M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe adamvetsera makaseti ambirimbiri a maphunziro n'kupeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kudziyankha yekha. Aphunzitsi atazolowera kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho adatalika ndipo ana amene sankayankha adayamba kuyankha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana amene akufunafuna mawu m'chilankhulo chachiwiri amafunika masekondi amenewo koposa wina aliyense. Ngati mukufuna kupereka malikisi pa kulankhula, aliyense akhale ndi tsiku lake lodziwikiratu loti alankhule atakonzeka, ndipo adziwiretu zimene mudzayang'ane.

Kukopera ndi mlandu, ndipo mwana wanga akakopera mulangeni. Koma tiyeni tinene zoona pakati pathu akuluakulu. Mwana yemweyu timamulembetsa manotsi liwu ndi liwu, timamupatsa chimangirizo chachitsanzo kuti aloweze, ndipo akachibweza pa mayeso monga momwe chidalili timamuyamikira. Tsiku lina watenga ndime pa intaneti, tikuti ndi wakuba. Adaphunzira liti kusiyanitsa? Kufotokoza mfundo ya wina m'mawu ako, kuika mawu a wina m'zizindikiro zake ndi kutchula kumene wawatenga ndi luso lofunika maphunziro angapo, ndipo liyenera kuphunzitsidwa lisanayambe kulangidwa. Pepala lanu lisiyanitse mwana amene waiwala kutchula gwero ndi amene wapereka ntchito ya mkulu wake atangosintha dzina.

Kuchokera mu November 2022, pamene idatulutsidwa ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti imene imalemba chilichonse chimene munthu waiuza, nkhaniyi yafika povuta, ndipo apa ndikupemphani kusamala kwambiri. Sukulu zina zayamba kudalira mapulogalamu a pa kompyuta amene amati amazindikira zolembedwa ndi AI, kutanthauza mapulogalamu onga ChatGPT. Kampani ya OpenAI, eni ake a ChatGPT, idatulutsa pulogalamu yotereyi mu January 2023 n'kuitseka mu July chaka chomwecho chifukwa inkalakwitsa kwambiri. Eni akewo adanena kuti inkagwira 26 peresenti yokha ya zolemba za AI, ndipo inkanamizira 9 peresenti ya zolemba za anthu. Chaka chomwecho ofufuza a ku Stanford University adayesa mapulogalamu 7 otere pa zimangirizo 91 za mayeso a Chingerezi otchedwa TOEFL, zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chilankhulo chawo choyamba. Pa avereji, zoposa 60 peresenti zidanamiziridwa kuti ndi za AI, pamene zimangirizo za ana a ku America pafupifupi zonse zidadutsa bwinobwino. Chifukwa chake n'chodziwika: mapulogalamuwa amakayikira zolemba zokhala ndi mawu wamba ndi ziganizo zosavuta kulosera, ndipo umu ndi mmene amalembera munthu amene akuphunzira kumene chilankhulo. Mwana amene watsatira bwino malangizo anu olemba momveka ndi amene makinawo angamuloze chala.

Musamupatse mwana ziro chifukwa chakuti pulogalamu yatero. Njira yakale ndi imene ikugwirabe ntchito. Mbali ina ya kulemba izichitikira m'kalasi mphunzitsi akuona. Mwana azisunga zimene adalemba koyamba pamodzi ndi ndemanga zake, ndipo apa lamulo la kulemba kawiri lija likuthandizanso. Pakakhala chikayiko, mphunzitsi akhale naye pansi mphindi zisanu amufunse chifukwa chake adayamba ndi mfundo iyi, ndi tanthauzo la mawu awa. Wolemba yekha amayankha, ngakhale mwachibwibwi. Ndipo pepalalo linene poyera zimene zikuloledwa. Kufunsa AI tanthauzo la mawu ndi chimodzi, kuiuza ikonze galamala ndi china, kuiuza ilembe zonse ndi chinanso. Mukangolemba kuti AI ndi yoletsedwa, mwana aliyense adzadziikira yekha malire. Linenenso kumene mwana angakadandaule ngati akuona kuti wanamiziridwa, ndipo kukhale kwa munthu wina osati mphunzitsi yemweyo amene wamuimba mlandu.

Pa mafoni sinditsutsa. Dziko la France lidawaletsa m'sukulu za ana osapitirira zaka pafupifupi 15 kuyambira mu 2018, la Netherlands lidawachotsa m'makalasi a sekondale mu January 2024, ndipo palibe amene angawerenge ndakatulo mauthenga akulira m'thumba. Kungoti mukachotsa foni mwachotsanso mtanthauziramawu amene ana ambiri amadalira, tsono m'kalasimo mukhale ena a pepala okwanira.

Chotsala ndi kuwerenga, kumene m'mapepala ambiri kumangotchulidwa ngati mitu ya buku la mayeso imene mwana ayenera kumaliza. Paul Nation wa ku Victoria University of Wellington, ku New Zealand, adawerengera mu 2006 kuti munthu afunika kudziwa mabanja a mawu (liwu limodzi pamodzi ndi ena ochokera kwa ilo, monga read, reads ndi reader) pakati pa 8,000 ndi 9,000 kuti azindikire mawu 98 mwa 100 alionse m'nyuzipepala kapena m'buku la nkhani la Chingerezi, umene ndi mulingo woti awerenge popanda womuthandiza. Tiyerekeze kuti mphunzitsi wakhama akupereka mawu atsopano 20 sabata iliyonse, milungu 36 pa chaka, kwa zaka zinayi. Onse pamodzi ndi 2,880, ndipo apo tikuyesa kuti mwana sadaiwalepo ngakhale limodzi. Otsalawo sangachokere pa bolodi. Amabwera mwana akamakumana nawo mobwerezabwereza m'zinthu zimene akuwerenga chifukwa chofuna kudziwa mmene nkhani ithere.

Zimenezi zidayesedwapo. Warwick Elley ndi Francis Mangubhai adadzaza makalasi a sukulu zakumidzi za ku Fiji ndi mabuku a nkhani osangalatsa a Chingerezi, kwa ana amene kunyumba ankalankhula zilankhulo zina. Zotsatira zimene adasindikiza mu 1983 zidaonetsa kuti patatha miyezi 8, anawo ankapita patsogolo pa kumvetsa zowerenga ndi zomvetsera mofulumira kawiri kuposa mmene zimakhalira nthawi zonse. Chimene chidasintha ndi mabuku ndi nthawi yowawerengera tsiku lililonse.

Ndiye m'pepala la chaka chamawa muikemo nthawi yowerenga, mphindi 15 kapena 20 kangapo pa sabata, yolembedwa pa ndondomeko ya nthawi kuti isamadyedwe ndi kukonzekera mayeso. Mwana asankhe yekha buku, ngakhale lophweka kuposa kalasi yake, ndipo likamutopetsa aloledwe kulisiya n'kutenga lina. Pasakhale mafunso 10 oyankha akamaliza, chifukwa mukatero lasandukanso mayeso. Mphunzitsi naye pa nthawiyo aziwerenga lake, asamachonge makope. Onaninso lamulo lanu la mabuku otayika. Pali sukulu zimene mabuku ali bwinobwino m'makatoni chifukwa woyang'anira akuopa kudzafunsidwa likasowa limodzi, ndipo ana amamaliza sekondale asadabwerekepo buku lopita nalo kunyumba. Vomerezani kuti chaka chilichonse ena adzang'ambika, ena adzasowa, ndipo muziikiretu zimenezo mu bajeti monga mumachitira ndi choko. M'pepalamo mulembenso masiku ndi maola amene laibulale imatsegulidwa, mabuku angati amene mwana angabwereke nthawi imodzi, ndi amene amasunga makiyi woyang'anira akachokapo.

Ine wanu,
Kholo la wophunzira wa sekondale